Galayinda Ikamaluma ndi Kunjenjemera

Anzathu ambiri amene sadathe kufika ku msonkhano wathu wapachaka apempha kuti tisindikize mawu amene adayankhula mmodzi wa ife, yemwe ndi mmisiri wa zitsulo. Nawa mawuwo.



A komiti adandiuza kuti ndisankhe mutu wochokera ku ntchito yanga. Ntchito yanga ndi yodula, kupala ndi kuwotcherera zitsulo, choncho ndasankha kukamba za galayinda, makamaka za nthawi imene chida chimenechi chimaluma chitsulo n'kumenya theche, kapena kunjenjemera m'manja n'kusiya timizere pa ntchito. Ndikudziwa kuti muno muli aphunzitsi, anamwino, abusa, alimi ndi ogwira ntchito m'maofesi, ndipo ena mukudabwa kuti nkhani yotere ikukukhudzani bwanji. Ndikupemphani mudekhe, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Aliyense amene amayenda mu msewu wa M6, kuchokera pa Zalewa kudutsa pa boma mpaka ku chipata chopita ku Zóbuè, amalidziwa phokoso la galayinda. M'mbali mwa msewumo muli timisasa ta owotcherera zitsulo. M'menemo ndi mochokera mageti ndi zitseko za nyumba zathu, mafelemu a mazenera, ngolo, makaliyala a njinga zonyamula manachesi, ndipo m'menemonso oyendetsa mathiraki a ku Tete ndi ku Beira amakakonzetsa zimene zathyoka pa njira. Anyamata amene agwira zida m'misasa imeneyi ndi ana athu ndi adzukulu athu, ochokera kwa Kanduku, kwa Nthache, ku Thambani ndi kwina. Ena mwa iwo ife tomwe ndi amene tidawagulira galayinda kuti ayambire moyo. Ambiri adaphunzira ntchito poonerera mnzawo, ndipo palibe adawafotokozera chifukwa chimene chidacho chimalumira. Maso awo ndi zala zawo ndizo ndabwera kudzapepesera lero.

Tiyambe ndi liwiro, chifukwa zonse zagona pamenepo. Agogo athu ankanola nkhwangwa pa mwala, ndipo liwiro lidali la mkono wa munthu. Mu 1891 Edward Acheson wa ku America adapanga mchenga wouma kwambiri wotchedwa carborundum, ndipo mu 1954 kampani ya ku Germany ya Ackermann + Schmitt idatulutsa galayinda ya m'manja yothamanga kwambiri, kholo la zimene tili nazo lero. Galayinda yaing'ono, ya disiki ya mamilimita 115, imazungulira pafupifupi ka 11,000 pa mphindi imodzi. Yaikulu, ya mamilimita 230, imazungulira pafupifupi ka 6,500. Madisiki ambiri adapangidwa kuti m'mphepete mwake musapyole mamita 80 pa sekondi, amene ndi makilomita 288 pa ola. Palibe galimoto imene idathamangapo chotero pa msewu wa ku Mwanza. Tsono disiki yothamanga motere ikakodwa mwadzidzidzi, mphamvu yonse ya mota imasowa kopita ndipo imatembenukira kwa amene wagwira chidacho. Zimachitika msanga kuposa kuphethira, kotero kuti ngakhale munthu wamphamvu bwanji sangazembe.

Mfundo yanga ndi imodzi. Galayinda siluma popanda chifukwa, ndiponso sinjenjemera popanda chifukwa. Anyamata ambiri ikayamba kutero amalimbitsa mkono n'kukanikiza kwambiri kuti aigonjetse, ndipo pamenepo ndi pamene ngozi imabadwira. Chofunika n'kuizimitsa, kuzula pulagi, n'kufufuza mwandondomeko, kuyambira chosavuta mpaka chovuta. Malo ofufuza alipo asanu.

Malo oyamba ndi chitsulo chimene mukugwirapo ntchito. Kawirikawiri chimene chikunjenjemera si galayinda ayi, koma chitsulocho. Mwawaonapo anyamata akudula payipi ataiponda ndi phazi limodzi, kapena mnzawo ataigwira ndi manja. Chitsulo chogwidwa motero chimavina, disiki n'kumadumpha pamwamba pake. Chimangeni pa vaisi, kapena ndi kilampu pa tebulo lolemera, ndipo mangani pafupi ndi pamene mukupala. Lata kapena chitsulo chopyapyala chikatalika kuchokera pomangira chimalira ngati belu, koma mukachigoneka pa thabwa n'kumanga zonse pamodzi chimakhala chete. Podula, ganizirani kumene chidutswa chigwere. Amene mudachekapo mtengo ndi sowo mukudziwa kuti mukautsamiritsa mbali zonse ziwiri n'kucheka pakati, mtengowo umawerama n'kupana sowo. Chitsulo chimachita chimodzimodzi, ndipo disiki ikapanidwa ndi pamene imamenya theche kapena kusweka. Tsamiritsani chitsulo mwa njira yoti pamene mukudula pazikanuka, chidutswa n'kugwera kunja.

Malo achiwiri ndi disiki. Pali disiki yodulira ndi disiki yopalira. Yodulira ndi yopyapyala, ya milimita 1 mpaka 3, ndipo idapangidwa kuti izidya ndi m'mphepete mokha. Yopalira ndi yochindikala, pafupifupi mamilimita 6, ndipo imapirira kukanikizidwa cham'mbali. Mnyamata akamaliza kudula n'kuyamba kusalaza ndi disiki yomweyo yodulira, amadya ulusi umene umailimbitsa, ndipo disikiyo imayamba kugwedera isanaphulike. Werenganinso zimene zalembedwa pa disiki. Chilembo A chikutanthauza mchenga wa aluminium oxide, woyenera zitsulo zathu za mageti ndi mazenera. Chilembo C ndi cha carborundum ija, yoyenera miyala ndi konkire. Pali nambalanso yonena liwiro limene disiki isapyole. Disiki ya mamilimita 180 imalolera pafupifupi ka 8,500 pa mphindi, ndiye amene amachotsa chotchingira kuti aikwanitse pa galayinda yaing'ono ya 11,000 akusewera ndi moyo. Aphunzitsi athu a sayansi akuvomereza kuti liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yofuna kung'amba disiki imawirikiza kanayi.

Ambiri sadziwa kuti disiki imakalamba ngakhale isanagwire ntchito. Guluu wogwirizitsa mchenga wake amafooka ndi nthawi ndiponso chinyontho, n'chifukwa chake opanga ambiri amadinda tsiku lothera ntchito pa kamphete kachitsulo ka pakati, kawirikawiri zaka 3 kuchokera pamene idapangidwa. Disiki yogona pansi m'kamsasa kodontha nyengo ya dzinja imamwa chinyontho mbali imodzi n'kupindika, ndipo ikazungulira imagwedeza dzanja. Sungani madisiki pouma, atagona chafufumimba pa thabwa losalala. Disiki imene yagwa pansi, yabenthuka m'mphepete, kapena ili ndi mng'alu, itayeni ngakhale ioneke yatsopano. Ndikudziwa kuti ndalama ndi yovuta, koma mtengo wa disiki sungafanane ndi mtengo wa diso. Chinanso, musalole konse kuti mwana wanu amange sowo yozungulira ya matabwa pa galayinda. Mano a sowo amakola nthawi imodzi, ndipo mabala ake ndi amene anamwino muli muno simufuna kuwakumbukira.

Palinso vuto la disiki yotsekeka. Aluminiyamu, wa mapoto ndi zida zina za injini, ndi wofewa ndipo amamatirira pakati pa mchenga wa disiki. Ikatsekeka motero imaleka kudya, imatentha, imaterera, kenaka imagwira mwadzidzidzi. Aluminiyamu ali ndi madisiki akeake. Lamulo la amisiri limadabwitsa poyamba kulimva: chitsulo cholimba chimafuna disiki yofewa, imene imataya mchenga wobuntha msanga kuti watsopano uonekere, pamene chitsulo chofewa chimayenda bwino ndi disiki yolimba. Mukaona pamaso pa disiki pakunyezimira ngati galasi, dziwani kuti mchenga wabuntha ndipo disikiyo ikungokhula.

Malo achitatu ndi kamangidwe. Disiki imakhala pakati pa mbale ziwiri zachitsulo, yamkati ndi nati yakunja. Kanyenyeswa kamodzi kakatsalira pa mbale yamkati, disiki imakhala mopendekeka, ndipo pa liwiro lija kupendekeka kwa tsitsi limodzi kumamveka mpaka m'mapewa. Pukutani mbale zonse musanamange. Nati ya magalayinda ambiri ili ndi nkhope ziwiri: mbali imodzi ili ndi kaphewa kotukuka, ina ndi yosalala. Pa disiki yochindikala kaphewako kamalowa m'bowo la disiki. Pa disiki yopyapyala mumatembenuza nati kuti mbali yosalala ndiyo ipane disiki, chifukwa mukapanda kutero kaphewako kamagunda mbale yamkati disiki isanagwidwe, ndipo imatsala ikusewera. Mangani ndi sipanala yake ya mano awiri. Nyundo ndi tchizulo zimapinda shafiti. Mukamanga, pulagi ikadali yozula, zungulitsani disiki ndi dzanja n'kuyang'ana m'mphepete monga muyang'anira gudumu la njinga lopindika. Kenaka yatsani, disiki italoza kopanda munthu, ndipo muisiye ithamange yokha kwa mphindi imodzi musanakhudze chitsulo.

Malo achinayi ndi makina eni ake pamodzi ndi magetsi. Ngati mwasintha disiki koma kunjenjemera kukadalipo, zulani pulagi, gwirani shafiti n'kuigwedeza uku ndi uku. Ikamasewera ndiye kuti mabering'i atha, ndipo kuwasintha n'kotsika mtengo poyerekeza ndi kugula galayinda ina. Phokoso la ngati mchenga m'mutu mwa galayinda limanena za magiya ouma kapena odyeka, ofuna girisi watsopano. Moto wambiri m'kati mwa mota, ndi mphamvu yobwera n'kumachoka, zimanena za mabulashi otha. Fumbi la chitsulo limalowa m'timazenera ta mpweya, choncho muziuziramo kawirikawiri.

Za magetsi ndinenepo pang'ono, chifukwa kwathu kuno ambiri amadalira jenereta magetsi akazima, ndipo ena ali kutali ndi mawaya a ESCOM. Galayinda idapangidwira magetsi a mavoti 230. Yaing'ono imafuna mawati ochepera 1,000, koma yaikulu imafuna 2,000 kapena kuposa. Jenereta ikachepa mphamvu, kapena waya wolumikizira akatalika kwambiri chikhalirecho ndi wowonda, liwiro limagwa disiki ikangokhudza chitsulo. Disiki yoyenda pang'onopang'ono ndiyo imaluma, chifukwa mchenga uliwonse umakumba mozama m'malo mosenda pang'ono. Mukamva kulira kwa mota kukutsika, chepetsani kukanikiza. Magalayinda a batire amene afala masiku ano amachitanso chomwecho batire likamatha.

Malo achisanu ndi manja a mmisiri. Popala, disiki ikhale yopendekeka madigiri 15 mpaka 30 pa chitsulo. Mukaigoneka kwambiri imakhudza malo aakulu n'kumadumpha, mukaiimika kwambiri imakumba dzenje n'kukodwamo. Disiki yatsopano ili ndi mphepete yakuthwa, choncho poyamba muzikokera kwa inu mpaka mphepeteyo itafafanizika. Podula, disiki ilowe chilili, osaipinda m'kati mwa mng'alu. Mukaima pakati pa ntchito, musayatse galayinda disiki ili m'kati mwa chitsulo. Itulutseni, ifike pa liwiro lake, ndiye mulowetsenso mofatsa. Samalani pa ngodya ndi pa nsonga, pakuti disiki imakonda kukodwa pamenepo. Gwirani ndi manja awiri, chogwirira cha m'mbali chili pamalo pake, ndipo thupi lanu lisakhale mu mzere wa disiki. Kulemera kwa galayinda ndi kukanikiza pang'ono n'kokwanira. Ponola khasu, nkhwangwa kapena tchizulo, mukaona nsonga yasanduka yobiriwira ngati thambo ndiye kuti yatentha kufika pafupifupi madigiri 300 ndipo yafewa. Muziviika m'madzi pafupipafupi.

Timizere tija tikayamba kuoneka, timadzichulukitsa tokha. Taonani msewu wa fumbi: tikabampu tikayamba, gudumu lililonse lodutsa limadumpha pamalo pomwepo n'kukuza bampuyo, mpaka msewu wonse usanduka ngati lata. Disiki ikadutsa pa timizere take imachita zomwezo. Mankhwala ake ndi kusintha mbali: palani mopingasa timizereto, mopepuka, mpaka titafafanizika, ndiye mubwerere ku njira yoyamba.

Ndisaiwale zida ziwiri zapachibale. Choyamba ndi kagalayinda kowongoka kamene amakanika amakatcha die grinder, ndi kang'ono kake kamene ambiri amakadziwa ndi dzina la Dremel, kuchokera kwa Albert Dremel amene adayambitsa kampani yake ku Racine ku America mu 1932. Timeneti timagwiritsa kansonga ka mano otchedwa burr, kokulitsira mabowo ndi kusalaza mowotcherera mothina, ndipo timazungulira ka 25,000 kapena kuposa pa mphindi. Anthu amati kakamadumpha amachepetsa liwiro chifukwa cha mantha, koma kansongako kamadumpha kwambiri pa liwiro lochepa, chifukwa dzino lililonse limapeza nthawi yokumba. Onjezani liwiro malinga ndi malire olembedwa ndi opanga, chepetsani kukanikiza. Lowetsani mwendo wa kansongako mozama m'kakhosi kogwirira, chifukwa ukatalikira kunja umapindika ngati bango, ndipo kakhosiko kakadyeka kasintheni. M'bowo gwiritsani kansonga kochepera bowolo, kuti kazikhudza mbali imodzi yokha. Kakakhudza mbali ziwiri kamagundagunda m'makoma mpaka mano kubenthuka. Yendetsani motsutsana ndi kumene mano akukokera, pakuti mukatsata kukoka kwake kamakwera pa chitsulo n'kuthawa. Kansonga ka mano opingasana kamagwirika bwino pa chitsulo, pamene aluminiyamu amafuna ka mano otalikirana.

Chachiwiri ndi galayinda ya pa tebulo, ya miyala iwiri. Kathandala kotsamiritsapo chida kasatalikire mwala kupyola mamilimita 3, kuopa kuti chida chingakokedwere m'mpatamo pamodzi ndi zala. Mwala ukamadyeka muzisendeza kathandalako. Mwala watsopano uyeseni musanaumange: upachikeni pa chala, mugogode pang'ono ndi chogwirira chamtengo. Wabwino umalira ngati mbale yadothi yamoyo, wosweka m'kati umangoti phu. Mwala umene wadyeka mbali imodzi umagwedeza tebulo lonse, ndipo pali kachida kousendera kuti ubwerere kukhala wozungulira bwino.

Amayi ndi abambo, kunjenjemera sikuwononga ntchito yokha. Munthu amene wagwira chida chonjenjemera kwa zaka zambiri, mitsempha ya m'zala imawonongeka. Zala zimachita dzanzi, zimayera kukazizira, ndipo pamapeto pake amalephera ngakhale kumanga batani la malaya. Matenda amenewa akakhazikika sabwerera. Phokoso nalo limagonthetsa makutu pang'onopang'ono. Nanga diso? Kanyenyeswa ka chitsulo kakalowa m'diso kamayamba dzimbiri m'maola ochepa. Anyamata amachotsana ndi kamtengo ka machesi kapena ngodya ya mpango, ndipo potero amakanda diso. Pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo. Zikavuta, ulendo wake ndi wa ku Queen Elizabeth ku Blantyre, makilomita pafupifupi 100, ndipo masiku onse amene mnyamatayo ali kumeneko banja lake silikupeza kanthu.

Tsono ife ophunzira akale tingachitepo chiyani? Ndili ndi mapempho atatu.

Loyamba likupita kwa inu amene muli ku Johannesburg ndi ku Harare, amene mumatumiza katundu pa mabasi odzera pa chipata chathu chino. Mukamagulira mphwanu galayinda, onetsetsani kuti ili ndi chotchingira, chogwirira cha m'mbali ndi sipanala yake, ndipo muikemo magalasi oteteza maso ndi zotseka m'makutu. Magalasi adzuwa a pa msika sateteza kanthu, ndipo chigoba chowotcherera n'chakuda kwambiri moti munthu saona chimene akupala.

Lachiwiri likupita kwa tonse amene timapangitsa mageti ndi mazenera. Mukafika pa msasa n'kuona galayinda yopanda chotchingira, yankhulani. Mmisiri amamvera mwini ntchito kuposa wina aliyense, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi. Musamuumirizenso kumaliza ntchito ya masiku atatu m'tsiku limodzi, chifukwa changu ndicho chimachititsa munthu kukanikiza chida.

Lachitatu likupita kwa Apampando ndi komiti. Chiyambire 1999 dziko lino lili ndi bungwe la TEVETA loona za maphunziro a ntchito zamanja, ndipo sukulu monga Soche Technical College zilipo. Pa thumba lathu lothandizira ophunzira tiganizireko mwana mmodzi kapena awiri amene mtima wawo uli pa zitsulo, kuti akaphunzire ntchito mwadongosolo. Ndikupemphanso kuti tikonze Loweruka limodzi, tiitane anyamata a m'misasa ya pa boma, aliyense abwere ndi galayinda yake. Ine ndi amisiri anzanga amene muli muno tidzaziyang'ana imodzi imodzi kwaulere, tidzawaonetsa katembenuzidwe ka nati ndi kawerengedwe ka disiki. Komiti ingotipezera malo okhala ndi magetsi ndi magalasi owerengeka ogawira anyamatawo. Mutu umodzi susenza denga, ndiye amene mungathandizepo lembetsani mayina kwa alembi tisanabalalike.